Bolodi Limodzi, Masilabasi Awiri

Lolemba
Amai Tembo, eni sukulu yathu kuno ku Kanyama, abwera ndi katoni ya mabuku. Mng'ono wawo amagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga, kwa anthu olemera, ndipo mabwana ake pobwerera ku Ulaya asiya mabuku a ana.
"Kuyamba lelo ni sukulu ya intaneshono, ba Ticha. Sakanizani na mabuku yathu."
Ndadula bolodi pakati ndi choko: kumanzere silabasi ya kuno, kumanja ya kunja. Sabata ino ana akhale mbali ziwiri, yamawa adzasinthane.
Nkhawa yanga ndi Mable. Sukulu ino sinatumizepo mwana ku sekondale yabwino, ndipo iyeyu yekha ndiye angakhoze bwino mayeso a Giledi 7. Ndamuika kumanzere.

Lachiwiri
Phunziro la nyengo. Kumanzere zilipo zitatu: yamvula, yozizira, yotentha. Kumanja zinayi, ina ya chipale chofewa chogwa kumwamba. Ana afunsa zoona ndi ziti. Ndati zitengera benchi yomwe wakhala.

Lachitatu
Makolo amva! Aliyense akufuna wake akhale kumanja. Benchi ya ana anayi yanyamula asanu ndi awiri. A kumanja akana kusesa, ati ku Ulaya ana sasesa.
Amai Tembo asamutsira Mable kumanja okha, mbali ya windo loyang'ana kumseu: "Wanzeru afunika kuonekela pa windo." Ndamusiya komweko. Ntchito ndikuifuna.

Lachinayi
Homuweki ya m'buku la kunja:
– jambula chipinda chako chogona
– yeza kapinga wa kuseri kwa nyumba yanu
– cheza ndi munthu wobweretsa makalata pakhomo
Zomwe zabwera: asanu ajambula pabalaza, mmodzi wayeza ngalande. Mable wafunsa anthu mseu wonse za wamakalata, mpaka agogo ena amupatsa kalata akawatumizire ku Lundazi.

Lachisanu
Ndawapatsa mayeso akale a Giledi 7. Pepala la Mable:
Nyengo za m'Zambia: zinayi.
Mbewu yaikulu ya m'dziko lathu: tirigu.
Chovala cha mu Disembala: chijasi cha ubweya.
Zilembo zokongola, mayankho onse wawaloweza bwino. Mwanayu sanalakwe kanthu, wangophunzira zomwe ndamuphunzitsa. Zandiwawa.

Loweruka
Amake Mable, ogulitsa tomato pa msika, andipeza ndikuchapa. Pepala la mayeso lija lili m'manja. Sakukalipa, ndiye zoopsazo.
"Ba Ticha, mayeso ya boma yazafunsa va mbali iti?"
Ndati ya kumanzere.
"Manje ku right achitako chani? Mwana ali na mutu umozi chabe."
Akufuna kalata yosamutsira mwana ku sukulu ya boma. Kumeneko ana amakhala pansi chifukwa chochuluka, koma ati bola silabasi ndi imodzi.

Lamulungu
Kalata ndalemba ndisanapite kutchalitchi. Pa khalidwe ndaika "labwino kwambiri". Pa chifukwa chochokera ndayang'ana nthawi yaitali, kenaka ndasiya osalembapo. Mable wailandira ndi manja awiri, wagwada, wathokoza. Bola akanangondinyoza.
Potuluka m'tchalitchi, Amai Tembo andikodola. Za Mable amva, ati ana ni ambili. Pansi pa katoni apezamo buku la Chifalansa.
"Muziba French, ba Ticha?"
Sindidziwa ngakhale moni wake.
Tiyamba mawa, ikangotha buleki.