Mkamwini Alemba Cholinga cha Moyo Wake

Lolemba

Faifi koloko ndadzuka ngati kale. Ndapolisha nsapato. Ndavala tayi. Kenako ndakhala pakhonde kuyang'ana nkhuku.

Miyezi itatu tsopano chindichotsereni ntchito ku Limbe. Zaka makumi awiri ndi chimodzi ndili mesenjala, fayilo sinasowepo m'manja mwanga ngakhale imodzi. Kampani anaigulitsa, eni ake atsopano akuti mafayilo aziyenda okha. Ndiye ndabwerera kuno kwa akazi anga, amake Esinati, kufupi ndi Mbulumbuzi. Kale ndinkabwera pakutha pa mwezi ndi shuga ndi sopo, anthu n'kuthamangira kundipatsa mpando. Tsopano ndili pano tsiku lililonse, mpando ndimadzitengera ndekha.

Dzulo ndinamva alamu anga a Nakhumwa, mchimwene wawo wa amake Esinati, amenenso ndi mwini mbumba pano, akufunsa mlongo wawo kuseri kwa nkhokwe: "Kodi alamuwa abwera kudzacheza kapena kudzakhala?" Yankho sindinalimve, tambala analira.

Funsoli silikundichoka m'mutu. Ndine mkamwini. Ana anakula, Esinati anakwatiwa. Chaka chatha mkamwini wa nyumba yachitatu kuchoka pano anamuperekeza kumsewu ndi bulangeti ndi wailesi basi, chonsecho anakhala pano zaka zambiri kuposa ine.

Koma nzeru ndaipeza. Ku ofesi kwathu, pakhoma la pofikira alendo, panali felemu yagalasi, m'kati mwake mizere inayi ya Chingerezi. Ndinkaipukuta m'mawa uliwonse. Asekilitale anandimasulira tsiku lina kuti pamenepo palembedwa chifukwa chimene kampani ilipo ndi kumene ikulowera. Mlendo aliyense ankawerenga n'kugwedeza mutu. Palibe anafunsapo ngati kampani yabwera kudzacheza.

Inenso ndilemba changa, ndichipachike pakhoma. Sukulu ndinalekeza Sitandade sikisi, koma dongosolo la ofesi ndikulidziwa. Pepala lofunika limayenda kaye kwa akuluakulu, aliyense aikepo ndemanga ndi kusaina. Woliyendetsa ndinali ine.

Ndondomeko:
Lolemba, kulemba.
Lachiwiri, ndemanga za amake Esinati.
Lachitatu, ndemanga za alamu.
Lachinayi, kukopera bwinobwino.
Lachisanu, kukatenga felemu kwa akalipentala.
Loweruka, kukhoma msomali.
Lamlungu, kupachika pochokera kutchalitchi.

Pepala loyamba, nditajambula mizere ndi lula:

"Cholinga changa ndi kukhala munthu wofunika pamudzi pano, wosunga nthawi, wosiya chinthu chooneka, ndicho mitengo isanu ya mapeyala kuseri kwa nyumba."

Mbande zisanu ndili nazo kale m'mapepala a shuga, ndinafesa ndekha nthanga zake. Ndaliwerenga katatu. Likumveka ngati la kampani ndithu.

Lachiwiri

Sikisi koloko ndapereka fayilo kwa amake Esinati, pamwamba ndamatapo kapepala kosainira. Aipana m'khwapa pamodzi ndi khasu, apita nayo kumunda kukabandira chimanga. Ine pambuyo, kuilondola. Fayilo siiyenda yopanda mesenjala.

Ndawawerengera ataweramira mzere. Ndemanga zawo, monga mmene zatulukira:

1. "Wofunika kwa yani?"
2. "Nthawi mukusungayo ndi ya chani? Chimanga sichidziwa teni koloko."
3. "Khasu lanu lija lachita dzimbiri."

Za mapeyala sananene kanthu. Angondiyang'ana pang'ono, n'kupitiriza kukokera dothi.

Ndapempha siginecha. Adinda chala chamatope pakati penipeni pa pepala, pa mawu akuti "wofunika".

Pofuna kuyankha ndemanga yachitatu ndabwereka khasu ndabandira mizere iwiri. Teni koloko itakwana ndakhala pachulu kudikira tiyi, mwa chizolowezi. Amayi a munda woyandikana aimitsa makasu, mmodzi akuti, "Abwana atsekera kaye ofesi." Aseka mpaka kugwirana.

Matuza: anayi, dzanja lamanja. Limodzi, lamanzere.

Madzulo ndafufuta "wofunika" ndi "wosunga nthawi". Ku ofesinso pepala linkachepa likamayenda. Si zachilendo.

Lachitatu

Panjinga mpaka ku Mpama, kumene alamu a Nakhumwa anakwatira. Fayilo m'pepala lapulasitiki, kuopa mvula.

Ndawapeza atagwada m'khola la mbuzi, akumanga mitengo ndi luzi, apongozi awo ataima pambali akuloza ndi ndodo. Alamu akungoti "Eya amayi, chabwino amayi," mawu ang'onoang'ono ngati mwana wa kwaya. Munthu yemweyu akafika kwathu amatsokomola ali kumsewu kuti tidziwe kuti wafika. Mtima wanga wakhala pansi. Ndati mkamwini mnzanga uyu, andimvetsa.

Ndalakwitsa.

Angosamba m'manja, kutsegula fayilo, mawu abwerera m'malo mwake. Awerenga ndi chala mpaka pa mapeyala, chala chaima.

"Mitengo isanu. Pamalo pa yani, alamu?"

Ndati kuseri kwa nyumba. Akuti nyumbayo yaima pa dothi la amayi awo. Akuti mkamwini amadzala chimanga, nandolo, mbatata, zinthu zoti akolola chaka chomwecho. "Mtengo uli ndi mizu. Mawa inu mukatisiya, abale anu a ku Ndunde abwera ndi madengu, amvekere mitengo ya m'bale wathu. Ndiye mwachita kulemba papepala!"

Ndayesa kufotokoza za felemu ya ku Limbe. Akuti ku Limbe kulibe mbumba.

Zaka zonsezi mwambowu ndimaudziwa. Ndinaumva ndili mnyamata. Koma Lolemba, lula ili m'manja, unandichoka m'mutu ngati sindinabadwire ku Chiradzulu konkuno.

Fayilo aisunga. Akuti Loweruka abwera nayo kwathu, ndipo nditumize uthenga kwa ankhoswe anga. Ankhoswe! Chikwatirire, ankhoswe sanakhalepo pansi chifukwa cha ine.

Ndawapempha asaine kuti alandira fayilo. Asaina. Mbali imeneyo yokha ndiyo yayenda bwino.

Lachinayi

Tsiku lokopera bwinobwino. Chokopera palibe, fayilo ili ku Mpama.

Nkhani yafika kale kumjigo. Mmene ndaimvera podutsa, ilipo mitundu itatu:

(a) ndalemba kalata yolanda malo;
(b) ndikuyambitsa chipani, poti masiku ano aliyense akuyambitsa;
(c) ndikudwala, ndiye ndikugawa chuma.

Amayi ena amene sanandipatsepo moni chibwerere andigwira dzanja ndi manja awiri, akuti, "Limbani mtima, abambo." A gulu la (c) amenewo.

Ndatenga pepala lina, ndalemba kuchokera m'mutu, ndikuchotsa chilichonse chimene chingakhumudwitse munthu. "Wofunika" anachoka kale. "Nthawi" inachoka. Mapeyala achoka. "Pamudzi pano" ndachotsa ndekha, pasakhale wofunsa kuti mudzi wa yani. "Chinthu chooneka" nachonso, poti chooneka ndi chimene chabweretsa milandu.

Otsala: "Cholinga changa ndi". Mawu atatu, kutsogolo kwake mzere wa lula wopanda kanthu.

Masana ndayendera m'nyumba ndi maso, kuona zimene zingakwane pakaliyala ya njinga:
bulangeti
wailesi
suti
nsapato ndi polishi wake
kalata yoyamikira ntchito

Malata sangakwane. Zitseko ndinagula ku Limbe zija sizingakwane. Kwathu ku Ndunde amayi anamwalira, minda anagawana ana a alongo anga. Ndikafika kumeneko andipatsa mpando masiku atatu, lachinayi ayamba kufunsana kuseri kwa nkhokwe.

Amake Esinati akusankha nyemba. Ndawafunsa ngati ali ndi ndemanga zoonjezera. Akuti, "Mwadya?"

Lachisanu

Ndondomeko ndi ndondomeko. Ndapita pa Mbulumbuzi kwa akalipentala a Daisoni kukatenga felemu. Aipanga bwino, ngodya zonse zinayi zakumana, ndayeza ndi lula. Akufunsa, "Muikamo chithunzi cha ukwati, achimwene?" Ndati ndi za ofesi. Akuti, "Ofesi yake iti?" Ndawatsanzika.

Pobwerera ndaimangirira kumsana kuti galasi lisasweke. Anthu a pamsika akundiyang'ana kumbuyo, akuwerenga felemu yopanda kanthu.

Pa mtunda paja ndikukankha njinga, ganizo landibwerera limene sindinalifune. Kampani ija inali ndi cholinga chake pakhoma, chopukutidwa tsiku lililonse. Anaigulitsa pamodzi ndi khomalo. Ndaima kaye pang'ono, kenako ndapitiriza kukankha.

Kunyumba ndapeza mbuzi yalowa kuseri kwa bafa kumene ndinabisa mbande. Yadya ziwiri mpaka pepala la shuga. Zatsala zitatu. Mlandu wa mitengo isanu, mitengo yake itatu, ndipo sinalowe n'komwe m'dothi.

Amake Esinati atereka nyemba za kalongonda kuyambira m'mawa, kuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso. Kalongonda saphikira nkhani yaing'ono. Ndafunsa kuti alendo akhala angati. Akuti, "Suti yanu ija muisite."

Suti. Munthu amavala suti polandira alendo, amavalanso pa ulendo. Sananene kuti ndi ziti. Ndaisita kawiri. Ndapopanso matayala a njinga.

Loweruka

Msomali sindinakhome.

Naini koloko, pakhonde. Ofika: alamu a Nakhumwa, atatsokomola kumsewu, atsibweni anga a Muhiwa ochokera ku Ndunde, mchimwene wa malemu amayi, amene ndi ankhoswe anga, amake Esinati pamphasa, ine, mu suti. Ndatenga pepala kuti ndilembe zokambirana. Alamu akuti, "Mapepala omwewo ayambanso." Ndalemba ndi pensulo, pabondo.

Alamu awerenga cholinga changa mokweza, mawu amodziamodzi. M'kamwa mwa munthu wina chikumveka ngati kalata ya kukhoti.

Atsibweni ayankha: "Mwanayu walakwa, koma si wakuba. Kuyambira ali wamng'ono amakonda mapepala. Ankasunga ndi matikiti a basi omwe." Mwanayo ndine, wa imvi. Za matikiti n'zoona, ndikadali nawo.

Alamu abwereza za madengu a ku Ndunde. Atsibweni akwiya pang'ono, akuti ku Ndunde mapeyala amadyetsa nkhumba. Alamu akuti nkhani si mapeyala, nkhani ndi yakuti munthu ntchito inatha, khasu salitha, ndiye akufuna kumera mizu ndi bolopeni. Kenako afunsa poyera funso lija la kuseri kwa nkhokwe. Pensulo yanga yathyoka.

Apa amake Esinati adzuka osalawira. Atenga khasu, azungulira kuseri kwa nyumba. Tikungomva khasu: phi, phi, phi. Atsibweni ayamba kufunsa za mitengo ya feteleza kuti pasakhale zii.

Abwera matope mpaka m'zigongono, aima pamaso pa mchimwene wawo.

"Achimwene, ine pamalo pa amayi anga ndingadzale mtengo?"

Alamu akuti iwe ungadzale, malo ndi ako.

"Ndadzala itatu. Koma ine msana umandivuta. Wothirira ndi bambo a Esinati awa, wotchingira mbuzi ndi awa, mpaka idzabereke. Ikadzauma ndiye mudzaitane ankhoswe."

Atsibweni awerenga pa zala, akuti peyala wofesa nthanga satenga zaka zochepera zisanu ndi ziwiri. Amake Esinati akuti akudziwa.

Alamu agamula, poti mwini mbumba sangachoke osagamula:

1. Mitengo ndi ya mlongo wawo.
2. Pepala lisapachikidwe.
3. Ine ndiphunzire khasu.

Fayilo andibwezera. Ndawapempha asaine kuti abweza. Andiyang'ana nthawi yaitali, koma asaina.

Kalongonda anakoma. Alamu sanamalize mbale, akuti apongozi awo akufuna khola lithe dzuwa lisanalowe. Pokwera njinga sanatsokomole.

Lamlungu

Faifi koloko ndadzuka. Nsapato sindinapolishe. Ndatenga chitini, ndadzaza madzi, ndapita kuseri kwa nyumba kukayamba ntchito. Ndisanafike pa mtengo woyamba mvula yayamba, yamphamvu. Ndaima pansi pa denga ndi chitini changa, kuonerera. Tsiku loyamba pa ntchito, wina wandigwirira kale.

Mitengo anaidzala mosalunjika. Wapakati wapatuka mzere ndi chikhatho chathunthu. Ndinena? Sindinena.

Pochokera kutchalitchi ndapeza felemu ili kale pakhoma, msomali amake Esinati akhoma okha ndi mwala. Aikamo chithunzi cha ukwati wa Esinati. Onse alimo: akwati, amake, alamu pakati atatukumula chifuwa. Ine ndili kumapeto, wojambula anandidula. Likuoneka phewa limodzi, khutu, ndi nsapato yowala bwino.

Choncho ndondomeko yakwaniritsidwa: Lamlungu, kupachika. Chopachikidwacho ndiye china.

Pepala la mawu atatu lija ndalitembenuza. Kuseri kwake ndajambula mizere ya masiku othirira, kuyambira mvula ikadzatha. Zaka zisanu ndi ziwiri sizikukwana pa pepala limodzi, ndifunika ena sikisi. Ku Limbe sanandipatsepo ntchito yotsimikizika zaka zochuluka chotere.

Komabe mtima sunakhazikike, ndiye ndawafunsa amake Esinati akusenda chinangwa. Ndati nanga zaka zisanu ndi ziwirizo zikadzatha, mitengo itabereka?

Sanadzutse mutu. Akuti, "Ndiye wothyola adzakhala ndani? Ine ndikwere mumtengo ndi msana uno?"

Cholinga cha moyo sindinalembe. Fayilo ndaitseka, ndaiika pansi pa matiresi pamodzi ndi matikiti a basi.

Mawa: kudula minga, kutchinga mitengo itatu. Mbuzi ija yadutsa kale kawiri, ikuyang'ana.