Chinkhoswe cha Galimoto ndi Geti

Madalaivala anzanga, senderani kuno kumthunzi, mabwana athu satuluka msanga mumsonkhanomo. Anthu ena amalota usiku, koma ine ndinalota dzulo masana dzuwa lili paliwombo, ndili m'galimoto ya abwana, nsapato zili kuphazi.

Muyambe mwamva chimene chinandikhazika m'galimotomo. Mukuidziwa yatsopano ija, yakuda, yobwera pa sitima. Pansi pa galasi loonera kumbuyo ili ndi timabatani titatu. Abwana anawerenga m'buku lake kuti batani limodzi ukaliphunzitsa limatsegula geti lamagetsi popanda kuliza hutala. Ndiye anandiitana n'kunena kuti, "Tofa, iwe palibe chimakukanika. Uliphunzitse. Zikatheka, a Chikhosi mwezi uno ukatha akapume. Geti lodzitsegula lokha silifuna mlonda wa masana."

Tsono a Chikhosi ndi alamu anga, amuna a achemwali anga a Enelesi. Atha zaka khumi ndi zinayi pa geti limenelo, kuyambira lili lokoka ndi manja mpaka analiika mota, ndipo limoti yake amaivala m'khosi pa chingwe cha nsapato. Ntchito yangayi anandipezera ndi iwowo. Koma inu mukundidziwa, mawu akuti "zandikanika" sanatulukepo pakamwa pano chibadwire. Ndinangoti, "Zazing'ono, bwana." Ndinapita kukabwereka limoti, a Chikhosi n'kuivula okha, osafunsa n'komwe kuti ndi ya chiyani. Ndinakhala m'galimoto, chala china pa limoti, china pa batani, kudikira kagetsi ka pagalasi kuti kaphethire mofulumira monga bukulo likunenera. Kunja kukutentha, m'mimba muli tchipisi. Tulo basi.

Ndiye ndinangomva galimoto ikutsokomola, n'kundiyang'ana ndi galasi lija.

"Achimwene," inatero ndi Chichewa chopotoka cha munthu wobwera dzana, "ine geti ili ndalikonda. Mukandifunsirire."

"Wapeza munthu wake," ndinatero ine. "Ndakhalapo nkhoswe pa maukwati anayi, atatu akadalipo."

Mwadzidzidzi limoti ija inalumpha m'manja mwanga itavala jekete, n'kukhala pampando wakutsogolo, mwendo wina pamwamba pa unzake.

"Ine ndine malume ake a geti," inatero. "Mwalowa bwanji pamudzi pano opanda odi? Hutala si odi."

Ndinapepesa, ndinaomba m'manja, ndinafotokoza kuti tambala wathu waona nkhuku pakhomo pano. Malumewo anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndiwakanikize iwo ndi chala ichi, mkamwini ndi chala icho, nthawi imodzi, ndipo ndiwayandikizitse mpaka amvane mpweya. Ndinachitadi, ndiye anayamba kunong'onezana.

"Kwanu n'kuti?"

"Kutsidya kwa nyanja yamchere."

"Mfunda wanu?"

"Dizilo."

"Ife ndife a Magetsi. Palibe chibale, mungakwatirane."

Ndiye pabwalo la abwana panadzaza anthu, matenti, mipando yapulasitiki, zokuzira mawu zikugunda. Amayi anatulukira kuseri akuvina, akukoka mageti atatu ofunditsidwa zitenje, monga amachitira pachinkhoswe kuti achimuna aloze mkazi wawo. Galimoto inayamba kunjenjemera, madzi akudontha pansi.

"Limba mtima, uli ndi ine," ndinaiuza.

Inathamangira kuvundukula woyamba, n'kupeza chitseko cha khola la nkhumba. Anthu kuseka. Inavundukula wachiwiri, n'kupeza chitseko cha chimbudzi cha kumsika, chomwe chinatiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi n'kuti, "Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Inu okhuta musandivute." Wachitatu sindinadikire kuti avundukulidwe. Ndinamudziwa ndi fungo la oyilo amene a Chikhosi amadontheza pa mawilo Loweruka lililonse. Ndinakoka chitenje, geti lathu lili phee, maso pansi, manyazi a mwana woleredwa bwino. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu.

Ndiye akuti ukwati wotere uyenera kulembetsedwa, ndipo ofesi yake ili m'kati mwa kabokosi ka mota. Kabokosi kaja mukukadziwa, nkhuku singalowemo. Ine ndinangowerama pang'ono n'kulowa, ndinapeza khonde lalitali, mabenchi, anthu pamzere atanyamula maloko ndi mahinjesi. Sindinaime pamzere, ndinati ndabwera ndi nkhani ya abwana.

M'katimo munali mlembi wa maukwati a zitsulo, bambo wa tayi, ndi womuthandiza wake. Womuthandizayo anapempha buku la galimoto kuti aone masamba. Ndikumupatsa, ndevu zinamera, nyanga zinatuluka, wasanduka mbuzi, n'kuyamba kudya bukulo kuyambira tsamba la mabatani.

"Idyani, mukhute," ndinatero. "Zonse zili m'mutu muno."

Mlembi uja akundiyang'ana, diso lina linapita kudenga, lina kukhomo. Tayi inasanduka mchira wopiringizika. Ndinangoona bilimankhwe ali pampando, akusintha kufiira, kubiriwira, kufiira.

"Mverani, a nkhoswe," anatero pang'onopang'ono. "Ndikadina batani langa lino, muli ndi masekondi makumi atatu. Mubwerere kwa mkamwini mukadine lake katatu. Mukachedwa, mkazi abwerera kwa makolo ake."

"Makumi atatu onsewo? Ine ndinanyamukapo ku Zomba tiyi ali m'kapu, kufika ku Limbe asanapole."

Dzanja lake linatenga chaka chathunthu kuti lifike pa batani. Litangofika, ndinaliyatsa liwiro. Kuchokera pa mota kukafika pa galimoto ndi mapazi khumi, koma mwadzidzidzi bwalo linatamuka ngati legeni. Ndinadutsa maluwa a adona, ndinadutsa thanki ya madzi, kenako ndili pa Lizulu, amayi a tomato ataima m'mbali mwa msewu akuwerenga mokweza, "Khumi ndi zisanu! Khumi ndi zisanu ndi chimodzi!" Kabichi wina anagubuduka pambali panga akundiuza kuti ndikweze maondo. Ndiye panabwera njinga ya kabaza yopanda mwini, inati, "Kwerani, bwana, koma mupalase nokha." Ndinapalasa, ndinakwera phiri, ndinatsika, ndinalowa pa zenera la galimoto mutu patsogolo amayi aja akuti makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Kamodzi, kawiri, katatu.

Kagetsi kanaphethira ngati kaona ndiwo. Geti linadzimwetulira, n'kuyamba kuyenda lokha.

Anzanga, ulemu umene ndinalandira! Anandinyamula m'mwamba, abwana anandipatsa tambala wamoyo, zokuzira mawu zikungoti Tofa, Tofa. Ine ndikubayibitsa ngati ndapambana chisankho, ndikuuza aliyense kuti abweretse mageti a mumzinda monse ndiwakwatitse lisanalowe dzuwa.

Ndiye ndili m'mwambamo ndinayang'ana pa geti. Woyamba kudutsapo sanali mkamwini akulowa ayi. Anali a Chikhosi akutuluka, kampando kawo pamutu, wailesi kukhwapa. Anabwerera pang'ono n'kundipatsa kabotolo ka oyilo.

"Alamu, mwagwira ntchito," anatero. "Mwana wanga wakwatiwa bwino. Muzimudonthezera pa wilo lakumanzere, likauma amalira."

Akanandilalatira bwenzi zili bwino. Mtima unandiwawa, ndikunena zoona. Ndinaitana, "Alamu! Alamu!" koma ondinyamula aja sanandisiye, ndipo a Chikhosi anangopitabe akuchepa, akuchepa, mpaka anakhala ngati nyerere yosenza mpando. Geti linadzitseka lokha kumbuyo kwawo, osatsanzika.

Mwadzidzidzi ndili ku Kawale, pakhomo pa achemwali. Zitseko za mumzere monse zikungotseguka ndi kutsekeka zokha, munthu wosaoneka. Ndinati odi, palibe woyankha, chitseko chinangoti kwee. M'kati a Enelesi anali akupinda yunifolomu ya ulonda, osandiyang'ana.

"Wafika, katswiri?"

"Achemwali, ine ndinangotumidwa."

"Akuti mabataniwo ndi atatu. Lachiwirilo uliphunzitse kutsegula thumba la ufa. Lachitatu likatsegulire mwana wanga Tiyamike geti la kusukulu. Iwe palibe chimakukanika."

Tambala uja ndinali naye kukhwapa. Anatembenuka n'kundiuza kuti, "Walira mvula walira matope," kenako anandijompha pachala chodinira.

Ndiye ndinathamanga kubwerera m'kabokosi ka mota. Mbuzi inali itamaliza buku, ikuyamba makatani. Bilimankhwe anali atakweza chidindo m'mwamba, chikutsika pang'onopang'ono kulunjika pa chikalata cha ukwati.

"Imani!" ndinakuwa. "Ukwati uthe. Ine nkhoswe ndanena."

"Nkhoswe sathetsa ukwati ndi ukali," anatero. "Pali mawu amodzi okha amene amathetsa. Nenani kuti zakukanikani."

"Ine?"

"Inuyo."

"Lembani kuti zinavutako pang'ono."

"Ayi."

"Lembani kuti magetsi anazima."

"Sanazime."

Ndinatsegula pakamwa, lilime lalemera ngati thumba la simenti. Ndinati, "Zandi..." lakana. Ndinaligwira ndi manja awiri kulikoka, mbuzi ikundiseka. Chidindo chinafika patebulo, go! Chinakweranso, go! Go, go, go!

Ndinadzidzimuka. Anali a Chikhosi akugogoda pa zenera la galimoto ndi supuni, kapu ya tiyi ili kudzanja lina.

"Alamu, mwagona ndi limoti yanga, lole ya mchenga ikudikira panja. Nanga zimene mumapangazo zatheka?"

Ndinayang'ana pagalasi. Zala zanga zinali zikadali pa mabatani tulo tonse, ndipo kagetsi kaja kanali kakuphethira mofulumira, monga bukulo likunenera. Kunangotsala kukadina pa mota. Ndinavula chipewa n'kuchikoleka pagalasipo kubisa kagetsiko, ndinatsitsa zenera.

"Zandikanika, alamu."

Anaika kapu pansi. "Mwati bwanji?"

"Zandikanika. Galimoto zakunjazi sizimvana ndi mageti a kuno."

Anaseka mpaka kugwira bondo, anaitana a kukhitchini kuti adzamve okha, akuti tsiku limeneli alilembe pa kalendala. Inunso ndikukuonani mukuseka, sekani, sindikuletsani.

"Musadandaule, alamu," anatero akupukuta misozi. "Abwana ndikawauza ndekha, kuti asiye kumakutamani pamaso pathu."

Anavala limoti yawo m'khosi, anadina, geti n'kuyamba kuyenda, wilo lakumanzere likulira.