Nsikidzi Zimene Ndinabisira Dokotala

Mpaka lero ndikamva fungo la mankhwala opopera, mtima umandiwira. Ine, mkulu wa mpingo ku Mufakose, amene ndinkakalipira Mayi Zuze, loja wathu wochita lendi chipinda, kuti ndi auve, m'chipinda mwanga munabuka nsikidzi. Ndinalumbiritsa mayi akunyumba kuti nkhaniyi isadutse pakhomo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti andichite opaleshoni ya chotupa cha pamchombo, ndinagula kabotolo ka mankhwala kopanda dzina pa siteji ya makombi, maminibasi aja. Wogulitsa anati, "Mudhara, awa ndi a kufodya, sachita masewera." Ndinapopera mawindo ali chitsekere kuti loja asamve fungo (nzeru zanga zimenezo, musaseke). Posakhalitsa minofu ya m'mikono inayamba kuvina yokha, malovu chuchuchu. Ndinati ndi mantha chabe.

Kuchipatala dokotala wogoneka anthu anandifunsa, "Bambo, mwagwirako mankhwala alionse masiku ano?" Mayi Zuze anali chiimire pomwepo ndi chikwama changa, ati kuperekeza. Ndinayankha, "Ngakhale a mutu, ayi."

Anandibaya jakisoni wofooketsa minofu, woti amatha m'mphindi zochepa. Kwa ine sanathe. Ndinatsitsimuka ndikumva zonse, koma chikope chakana, chala chakana, makina ndiwo akundipumira. Ndinaopa, abale, ndinati ndapita.

Dokotala anaitanira mayi akunyumba pachitseko. "Mayi, minofu ya bambowa yagontha, sikumva uthenga wa mitsempha, ndipo mankhwala athu akanirira momwemo. Zimatere munthu akakhudza poizoni. Tiuzeni zoona."

"Nsikidzi, adokotala! Dzulo apopera mankhwala a kufodya!" anakuwa mayi akunyumba ndi mawu awo aja otsogolera kwaya. "Zatitha! M'matiresi, m'mipando, ngakhale m'jekete lawo lolalikira!"

Mumtima ndinkakuwa kuti khalani chete mayi inu, lilime lili gone ngati la ng'ombe pa butchala. Sindinakwiyepo chotero chibadwire.

Chala chinagwedezeka patapita maola. Dokotala anandikalipira ngati mwana, ati akanadziwa akanasankha jakisoni wina. Mayi akunyumba amati anandipulumutsa. Chabwino, koma za jekete anawafunsa ndani?

Nditatuluka ndinapeza matiresi anga atayanikidwa pampanda, moyang'ana msewu, Mayi Zuze akuwathira madzi owira.

"Bwenzi mutangondifunsa, bambo," anatero. "Zanga ndinathana nazo kalekale. Izi ndi zanu, ndipo taonani, zonse zili moyo."