Mayi Kopecky ndi Packard Yonyamula Nkhumba

M'tauni yathu ino ya ku Ohio palibe amene sadziwa kuti Mayi Verna Kopecky ankanyamula nkhumba m'galimoto ya anthu olemera. Inali Packard ya mu 1929, yayitali ngati bwato, hutala yake yolira ngati ng'ombe yosowa mwana.

Kalelo ankaiyendetsa ndi bambo awo, atavala yunifolomu, kunyamula mwini fakitale ya magalasi. Fakitale itagwa, galimotoyo inatsalira bambowo, n'kungokhala m'khola mwawo, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Amuna awo atamwalira, Mayi Verna anapirikitsa nkhukuzo n'kutola sipanala.

"Mayi, ichi n'chiphapha," anatero Delbert, makaniko wa pakona.

"Nawenso ndiwe chiphapha, koma mkazi wako sanakutaye. Bweretsa jeke."

Anaimasula yonse. Mapisitoni ankawatsukira m'bafa, injini inakhala pa tebulo lodyera, alendo n'kumadya chiimirire. Tsiku limene inalira, agalu onse a mumsewu wathu anabisala pansi pa makonde.

Mbiri itamveka, kunabwera mkulu wa nyumba yosungiramo magalimoto akale, atavala magolovesi oyera. Atasuzumira kumbuyo anapeza kankhumba kali mtulo pampando wachikopa.

"Mayi, zoterezi zatsala zochepa. Malo ake ndi kuseri kwa chingwe, anthu azingoiona."

"Bambo anga anakalamba akutsegulira anthu ena chitseko chimenecho, iwo osakhalapo ndi tsiku limodzi lomwe. Lero kumbuyoko kumakhala amene ndamufuna ine. Kwerani, apo ayi tsekani, nkhumba yanga ingazizidwe."

Mkuluyo anakwera, nazungulira tauni yonse nkhumba ili pamiyendo.

Maso a Mayi Verna atayamba kuchita khungu, mwana wawo Lyle anabisa makiyi.

"Amayi, mudzapha munthu."

"Pa liwiro langali? Munthuyo akhale kuti wagona pamsewu dala."

Lamlungu anailiza ndi kawaya. Anam'peza Lyle akupita kutchalitchi wapansi, namuimbira hutala, osamutenga.

Mayi Verna anatisiya m'nyengo yachisanu, ali m'tulo. Misewu yathu tsopano imangodutsa timagalimoto tofanana ngati mazira, topanda ndi mawu omwe.

Kutsogolo kwa tchalitchi kunatsala banga lakuda la oyilo, pamene ankaimika. Anyamata a khonsolo atabwera ndi maburashi, abusa anatuluka n'kuima pomwepo.

"Apa musakhudzepo. Pali mwini wake."

Mpaka lero, ngakhale malo adzaze bwanji, palibe amene amaimikapo. Timakaimika kutali, n'kubwera wapansi m'chipale chofewa.