Lenzi Yolowa Kuchipinda kwa Apongozi

Lolemba

Ntchito yaikulu yandipeza. Apongozi aamuna ku Khonjeni sakudzukanso pabedi, ndipo ana awo onse akubwera Lachisanu, wa ku Lilongwe ndi wa ku Milanje yemwe. Akufuna chithunzi chimodzi, iwo ali pakati pa ana ndi zidzukulu. Wojambula ndi ine, mkamwini amene pamudzi paja amati "uja woyenda ndi kamera anzake akuthyola tiyi". Sabata ino andidziwa.

Zovuta zake:
– chipinda ndi chaching'ono, zenera limodzi;
– fulashi ayi, maso awo anawachita opaleshoni;
– anthu 19.

Lenzi ya kamera yanga, ya nambala 50, singathe zimenezi. A Mhango, oyang'anira fakitale kuno kuesiteti, andibwereka zawo ziwiri, ya 24 ndi ya 35. Akuti, "Muyese zonse, koma Lachinayi mubweze imodzi, ndili ndi ulendo." Kusankha basi? Zimenezo n'zanga.

Lachiwiri

Ndikuyesa m'nyumba muno, makatani otseka. Ya 35 imatsegula diso kwambiri, mumdima imaona ngati kadzidzi. Koma kuti anthu akwanemo uyenera kubwerera m'mbuyo, ndipo m'mbuyomo muli khoma. Ya 24 imafuna kuwala kochulukirako, koma imameza chipinda chonse ndi denga lomwe.

Mkazi wanga, mayi a Dalitso, ndawakhazika pampando, pabedi, pakona, pampandonso. Akuti, "Bambo anga akudwala, inu mukusewera ndi magalasi." Adzandithokoza okha.

Lachitatu

Chiperoni kuyambira m'mawa, tiyi wa pakhomo pomwepa sakuoneka. Mdima wabwino woyesera! Anthu atangoweruka kumunda ndaitana 19 a mulaini mwathu, ndawathithikiza kuchipinda kwathu. Pa 35 akukwana khumi ndi mmodzi. Pa 24 onse, ndi dengu la wina.

Chovuta n'chakuti aliyense akufunanso chake chayekha, ndipo akapitawo atidikiritsa, apita kukavala tayi. Filimu imodzi yatha, yatsala imodzi. Yathayo ndapatsira kondakitala wa minibasi akatsukitse ku Limbe. Mayi a Dalitso akukolopa matope.

Lachinayi

Zithunzi zabwera. Za 35 n'zowala bwino, koma akapitawo atsala khutu ndi tayi. Za 24 zaderako pang'ono, koma onse alimo! Okhala m'mphepete mitu yatalika ngati mapapaya. Palibe kanthu. M'mphepetemo ndidzaika alamu anga aja amene amandiseka.

Ndasankha 24. Ya 35 ndabweza kwa a Mhango, ndipo pobwerera ndadutsa pa sikelo yoyezera tiyi ndikuimba likhweru.

Mayi a Dalitso afunsa, "Nanga inuyo mudzaima pati?" Ndikuti mkati, pakona, msana kukhoma. Angondiyang'ana, n'kupitiriza kusita. Nsanje basi.

Lachisanu

Khonjeni. Onse alowa, akhala bwinobwino. Ndafika pachitseko kamera pachifuwa, phazi limodzi lili m'mwamba, apongozi aakazi atembenukira kukhoma n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Amalume a mkazi wanga akufunsa chapansipansi, "Akamwini, kodi kwanu amalowa kuchipinda kwa apongozi?"

Sabata yonse ndayeza kuwala, makoma, mitu ya anthu. Ichi chokha sindinachiganize. Manyazi andigwira, ndangogwada panja pa chitseko. Kuchokera apa 24 ikuona felemu ya chitseko ndi mapazi a odwala. Apa ikanagwira ndi 35, imene ili paulendo ndi a Mhango.

Apongozi aamuna awadzutsa, ana aakazi awiri awagwirira, akupuma movutika. Sakhala nthawi yaitali chikhalire. Wa ku Milanje akubwerera mawa. Chikalephereka lero, sichidzajambulidwanso.

Mayi a Dalitso andilanda kamera. "Nenani, nditani?" Ndikuwalamula ndili chogwada: ikani pa kabati, pafupi ndi zenera, nambala musakhudze, kankhani kachitsulo kajako, kamera iwerenga yokha, inu thamangani mukakhale. Ayesa kamodzi, kawiri. Kachitatu apunthwa pa phazi la mlongo wawo, chipinda chonse chaseka, ine ndikukuwa kuti asagwedezeke. Kha!

Amene walamula ntchito yonseyi ndi ine. Izi zilembedwe.

Loweruka

Ku Limbe ndapita ndekha, filimu iyi si yopatsira kondakitala. Envelopu ndatsegulira pakhonde la sitolo. Choyamba: denga. Chachiwiri: msana wa mayi a Dalitso. Chachitatu: onse 19, palibe wodulidwa, apongozi aamuna pakati akuseka, kuwala kwa pazenera kuli pankhope pawo. Ndakhala pansi pomwepo, misozi yalengeza. Chiyambire kujambula sindinasangalalepo chonchi. Ndinasankha bwino!

Koma 24 ilibe ulemu. M'mphepete mwenimweni yatengamo chitseko, ndipo pachitsekopo pali munthu wa nambala 20, wogwada, kukamwa yasa, mutu wotalika kuposa wa alamu onse. Ndi ine. Kunyumba ndatulutsa sizasi kuti ndidzidulemo, mayi a Dalitso alanda envelopu n'kuibisa.

Lamulungu

Khonjeninso. Chithunzi chalowa kuchipinda, ine ndatsala pakhonde, sizasi ili m'thumba. Ndikumva apongozi aamuna akutchula ana awo mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, sakulumphako ndi mmodzi yemwe. Atafika kumapeto aseka mpaka kutsokomola.

Mayi a Dalitso atuluka ndi uthenga wa amayi awo: "Akuti sizasiyo mubweze kumene mwaitenga. Akuti mkamwini wodziwa kugwada chonchi kulibe Khonjeni yonse, ndiye chithunzi chikhala kumutu kwa bedi mmene chililimu."

Pamudzi onse akuyamika mayi a Dalitso kuti amatha kujambula. Za lenzi palibe wafunsa. Chabwino, ndavomera. Kuchipinda kwa apongozi ndalowa ndithu, ndipo akuti sinditulukamo.