Kompyuta Inazima pa Tembo

Anthu akamanditama kuti ndimadziwa makompyuta, ine ndimangogwedeza mutu n'kusintha nkhani. Ukatswiri wangawo unatayitsa apongozi anga chinthu chimene sichipezeka m'sitolo iliyonse, ndipo palibe wina woti ndingamuloze chala. Papita zaka zambiri, mwina n'chifukwa chake lero ndikutha kuinena nkhaniyi osaphimba nkhope.

Inali nthawi imene Kabwe anali atakhala chete. Mgodi unali utatsekedwa kale, huta imene inkadzutsa tauni yonse inali itasiya kulira, ndipo njanji nayo inali itaperekedwa kwa anthu a bizinesi. Ine ndinakulira ku Railways, komboni ya antchito a njanji. Bambo anga ankakonza mainjini ku wekishopu, ndipo ndili mwana nthawi ndinkaidziwira pa njinga: zikadzaza msewu kupita uko ndiye kuti kwacha, zikamabwerera ndiye kuti tithamange tikasambe. Njinga zija zinkachepa chaka ndi chaka mpaka msewu unatsala wa mbuzi ndi ife osowa ntchito. Ndimausowabe msewu umenewo, ndi fungo la girisi la ovolosi ya bambo itapachikidwa kuseri kwa chitseko.

Madoda ena amene ankagwira ntchito mu mgodi anali ndi kabungwe kawo, ndipo ankakumana m'kachipinda kuseri kwa sitolo ina ku Nakoli. Wapampando anali ba Mwape, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene moyo wake wonse anathera pansi pa nthaka akuyang'anira chitetezo cha anzake. Iwowa ndi amene anapulumutsa makatoni a makadi a antchito akale pamene nyumba ina yosungiramo katundu inkasesedwa. Pa khadi lililonse panali dzina ndi kachithunzi, ndipo kuseri kwake zimene dokotala anapeza m'chifuwa mwa munthuyo. Chiswe chinali chitayamba kale kudya m'makona.

Ntchito yojambula makadiwo n'kuwalowetsa m'kompyuta inagwera ine ndi Kelvin, mnzanga wa kusukulu, mwana wa m'tauni weniweni amene sankamaliza chiganizo popanda Chingerezi. Tinkakondana, koma aliyense ankadziona ngati ndiye katswiri (kunena zoona iye ankandiposa, ndipo n'zimene zinkandipweteka). Titamaliza, mwini sitolo anayamba kudandaula kuti chiswe chathu chakwera kudenga kwake. Ba Mwape anandifunsa ngati mapepalawo akufunikabe. Ine, manja m'thumba, ndinati zonse zili m'kompyuta, mapepala ndi zachikale. Anawotchedwa tsiku lomwelo kuseri kwa chimbudzi.

Ba Mwape anali ndi lamulo limodzi lokha. “Mwaice,” anatero, ndiko kuti mwana iwe m'Chibemba, “matenda ya muntu ni chisinsi yake. Asazibelenga aliyense monga nyuzi. Ukhome bwino.”

Ndinakhomadi. Makadi onse ndinawasokoneza ndi kiyi wa kompyuta, kotero kuti wopanda kiyiyo akanangoona zilembo zopanda mutu. Kiyi ameneyu si wachitsulo ayi, ndi mzere wautali wa zilembo ndi manambala umene mutu wa munthu sungasunge. Ndinaulemba papepala, ndipo m'mawa uliwonse ndinkautaipa n'kuupereka kwa kenelo, imene ndi mtima weniweni wa kompyuta. Kenelo inkasunga kiyiyo mpaka kompyuta itazimitsidwa. Imasunganso mndandanda wa zilolezo: ndani angawerenge kiyiyo, ndani angamusinthe, ndani angamugwiritse ntchito potsegula mafayilo, ndipo chomaliza, ndani angasinthe mndandandawo. Khalidwe lake ndi la sitolomani wa ku wekishopu ya bambo anga, amene ankakaniza sipanala ngakhale mlamu wake ngati dzina lake silili papepala.

Lolemba lina Kelvin anatsegula dilowa langa kufuna cholembera, n'kutulutsa kapepala kaja. Anakakweza m'mwamba pamaso pa ba Mwape.

“Ba Chair, onani security ya engineer watu. Key ili mu drawer pamodzi na ma sweet!”

Ba Mwape anaseka mpaka kutsokomola. Ine magazi anathamangira kumutu. Ndinalanda kapepalako, ndinapempha machesi kwa mwini sitolo, n'kukawotcha iwo akuona. Mumtima ndinkati palibe vuto, kiyi ali m'kenelo, ndimukopera pamalo ena abwino anthuwa akachoka.

“So what?” anatero Kelvin. “Nizaibelenga chabe mu kernel. Two minutes.”

Apa ndiye ndinakhala pampando ngati woyendetsa sitima. Ndinataipa mzere umodzi wa manambala. Chilolezo chowerenga kiyi ndinachotsa. Chosintha kiyi ndinachotsa. Chosintha mndandanda wa zilolezo ndinachotsanso, osati kwa Kelvin yekha koma kwa munthu aliyense, ine ndemwe ndili momwemo, kuti nkhani imveke kukoma. Ndinangosiya chotsegulira mafayilo. Kelvin anayesa, anakanika, ndipo ndinapita kukadya masana ndikuimba mluzu. Chidaliro changa chinali pa ruti, dzina limene mwini kompyuta amalowera akafuna kulamula chilichonse. Ndinali ndisanaonepo chitseko chimene ruti amalephera kutsegula.

Nditabwerako ndinapeza m'chipinda mulibe munthu. Ndinalowa ngati ruti kuti ndidzibwezere zilolezo zanga. Kenelo inandiyankha m'Chingerezi chake chouma kuti sindiloledwa. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa kutaipa, ndinabwereza. Sindiloledwa. Ndinabwereza kachitatu pang'onopang'ono, ndi chala chimodzi, ngati kuti ulemu ungathandize. Kuti ndisinthe mndandanda ndinafunika chilolezo chosinthira mndandanda, ndipo chimenecho ndinali nditachifufuta ndi manja angawa pofuna kukhaulitsa mnzanga.

Zinthu zinali chonchi: makadi ankatsegukabe, chifukwa kiyi anali adakali m'kenelo. Koma tsiku limene kompyuta ija idzazime, kiyiyo adzapita, ndipo pepala lake ndi makadi enieni zonse zinali phulusa. Ndipo uku ndi ku Kabwe, kumene magetsi ankapita osatsanzika.

Munthu wanzeru akanaulula pomwepo. Ine ndinagula selotepi. Ndinamata switchi ya pakhoma, n'kulemba chikwangwani chakuti OSAZIMITSA. Ba Mwape, amene chizolowezi cha mu mgodi chinkawachititsa kuzimitsa chilichonse asanatuluke, ndinawauza kuti kompyuta ili pa mayeso a sabata yathunthu. Anandiyang'ana kwanthawi, kenako anati zinthu za masiku ano n'zodabwitsa. Kabokosi kathu kosunga magetsi kankangopirira mphindi zochepa, choncho ndinakabwereka batire la minibasi yakufa kwa makanika wina, ndinalinyamula paphewa msewu wonse wa Nakoli (malaya anga asidi wa batirelo anawadya, mkazi wanga ndinamunamiza kuti ndi makoswe), n'kulilumikiza ndi mawaya odutsa pansi pakati pa chipinda.

Kenako ndinayamba kukopera makadi pa masidi. Kompyuta yathu inali yokalamba, sidi imodzi inkatenga nthawi yoti munthu angapite kumsika n'kubwerako, ndipo ukaigwiragwira ili mkati mokopera sidiyo inkawonongeka. Monga munthu wadongosolo ndinayambira pa A. A Banda okha anandidyera tsiku lonse. Sindinkadziwa kuti mgodi uja unakumbidwa ndi a Banda ochuluka chonchija.

Lachitatu, ndili pakati pa a Mulenga ndi a Mwale, pakhomo panamveka odi. Anali apongozi anga, amai Zulu, atavala chitenje cha kutchalitchi, ayenda wapansi kuchokera ku Chililalila. Amuna awo anamwalira mkazi wanga ali ndi zaka ziwiri, ndipo zithunzi zawo zonse zinasowa pamene banjalo linkatulutsidwa m'nyumba ya mgodi. Tsopano ana anali atakonza zomanga chiliza pamanda, ndipo apongozi anamva kutchalitchi kuti mkamwini wawo ali ndi nkhope za anthu onse a mu mgodi.

Ndinawapatsa mpando, ine n'kuima chapatali monga mwa ulemu wake. Ndinafufuza dzina, mtima uli m'mwamba kuopa kuti sidi iwonongeka, ndipo khadi linatuluka pagalasi. Apongozi anayandikira. Kenako anaseka, misozi ikutsika.

“Ni iwo aba,” anatero. “Shati iyi nine n'nawasitila. Apongozi, nipaseni komweka, n'kaonetse mwana.”

Ine maso anali pa kamzere kosonyeza pamene sidi yafika. Kachithunzi kamodziko kakanakwana pa flopi, kadisiki kakang'ono kolowa m'thumba, ndipo maflopi anali m'dilowa lomwe lija. Koma ndinkaopa kuwononga sidi ya a Mwale, komanso, ndisaname, ndinkafuna kuti apongozi adziwe kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wotani.

“Amai, aka n'kang'ono,” ndinatero. “Mubwere Lachisanu. Nizamupangilani chachikulu, mu frame.”

“Ine kang'ono komweka kanikwanila.”

“Iyayi amai, siyani kwa ine.”

Anandidalitsa n'kunyamuka. Ndinadziuza kuti Z sali patali.

Magetsi anathima Lachinayi masana, dzuwa lili pamutu. Ndinali pa a Tembo. Kabokosi kaja kanayamba kulira, batire la minibasi linagwira ntchito, ndipo kompyuta inapitiriza ngati palibe chachitika. Ndinadzimva ngati munthu wamkulu kwambiri m'chigawo chonse. Nthawi yomweyo ba Mwape ndi Kelvin analowa. Ba Mwape anamva kulira kuja, anamva fungo la asidi, anaona mawaya osakutira ali pansi, ndipo zaka zawo zonse za mu mgodi zinadzuka.

“Awe mwandi! Ichi chizapaya muntu! Chosani!”

Anawerama kuti agwire waya. Ine ndinafuula, n'kudumpha kuti ndiwatsekereze. Iwo sanakhudze kanthu, ndinene poyera kuti mbiri yawo isaipe. Phazi langa ndi limene linakola chingwe cha kompyuta n'kuchizula. Ndinagwera pa katoni, galasi linada, kachipupizira ka m'kati kanazungulira pang'ono n'kuima. M'chipinda monse munangotsala kulira kwa kabokosi kaja, kakusungira magetsi kompyuta yoti yazima kale.

Ndinaulula zonse nditakhala pansi pomwepo. Ba Mwape anavula chisoti n'kufunsa kuti ndi mayina ati atsala. Nditawauza, anayamba kuwatchula okha anthu a kumapeto kwa Tembo mpaka Zimba ndi Zulu, mmodzimmodzi, ena n'kuwonjezera shifiti imene ankagwira. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Kelvin sanaseke. Anangondiyang'ana n'kunena motsitsa mawu:

“Iwe, sembe unakamba chabe pa Monday. Nili na hard disk ku nyumba, ilibe nchito. One hour sembe tinasiliza vonse.”

Lachisanu sindinadikire kuti apongozi ayende ulendo wachabe. Ndinapita ndekha ku Chililalila, mkazi wanga ali pambuyo panga. Tinawapeza akusesa pabwalo. Ndinanjuta patali n'kuyamba kufotokoza za kenelo ndi zilolezo ndi ruti, mpaka anandidula.

“Apongozi, chithunzi chilipo olo kulibe?”

“Kulibe, amai.”

Anatsamira tsache pakhoma. Anakhala pampando wawo, napukuta manja pachitenje ngakhale anali ouma.

“Ine n'nawaona,” anatero. “Na imwe munawaona. Wamene sanawaone ni uyu.” Analoza mkazi wanga. “Muuzeni mwekha mwamene atate ake analili.”

Mkazi wanga ananditembenukira, maso ali gwa, kudikira. Ndinafufuza m'mutu monse. Ndinkakumbukira bwinobwino kamzere ka sidi ndi pamene kanafika. Ndinkakumbukira kuti khadilo linali lodyedwa pakona yakumanzere. Nkhope ya munthu sindinaipeze. Ndinanena kuti anali munthu wooneka bwino, wa maso achifundo, zinthu zimene munganene za bambo wa aliyense.

Chiliza chinamangidwa ndi dzina lokha. Masiku ano chilichonse ndimasunga m'malo atatu, ndipo ndisanachotse chilolezo chilichonse ndimayamba ndaitana munthu wina kuti aone zimene ndikuchita. Koma kunena kuti sindikudziwa kumandivutabe. Mkazi wanga nthawi zina akamadziyang'anira pagalasi amandifunsa ngati bambo ake anali ndi mphuno ngati yake, ndipo ine ndimayankha msangamsanga kuti inde, yomweyo ndithu. Apongozi akakhalapo amangoyang'ana pansi, sandiyalutsa. Mphunoyo ndi ya apongoziwo, aliyense amaona.