Nsapato za Tarsisio Zili Kumbuyo kwa Jipi

Nzeru yonseyi inabadwira kwa mayi Rufina, kuseri kwa nkhokwe, Lachisanu masana, botolo la kachasu litafika pakati. Nzeru zambiri za ku Lifidzi zimabadwira pamenepo ndipo zimaferanso pomwepo, koma iyi inachita tsoka, inakhala moyo mpaka Lamulungu.

Mwini nzeruyo anali Tarsisio, amene anadzipatsa yekha dzina loti Kapitau ngakhale sanalamulirepo ndi mbuzi yomwe. Vuto lake linali mapazi. Chibadwire sanapondepo mu nsapato, ndipo chisanu cha kumapiri kuno chinamung'amba zidendene mwakuti m'ming'alu yake munkatha kubisala nyemba. Iye sankadandaula nazo, mpaka pamene Basilio anabwerako ku migodi ya ku Joni atavala majombo olira kwii kwii, n'kuyamba kudutsa pakhomo pa Perpetua ngati kuti mudzi wonse uli ndi njira imodzi. Perpetua anali chibwenzi cha Tarsisio, ankhoswe anali atakumana kale, koma atsibweni a mtsikanayo atamva kulira kwa majombo anayamba kuganiza mokweza. Uthenga unafika kwa Tarsisio mosapsatira mawu: mkamwini wolowa m'tchalitchi wopanda nsapato sakumufuna, ndipo wina wa nsapato alipo kale. Tarsisio ankamukondadi Perpetua, ndipo uthengawo unamuwawa mpaka m'mafupa.

"Nsapato zilipo, amwene," anatero Kapitau akupukuta pakamwa. "Zikungoyendayenda kumbuyo kwa jipi ya a Mbatatesi, zopanda wozivala."

A Mbatatesi anali patarau, mwini kantina, sitolo ya ku Domwe, mzungu amene ankagula mbatata m'midzi yonse. Jipi yake inkakwera paliponse, koma tayala lapadera linamusowetsa mtendere. Akaliika mkati linkadya malo a matumba. Ataliika pamwamba pa injini linamutchinga maso, n'kugunda nkhumba ya eni. Atalimangirira padenga ndi chingwe linaduka pa chitunda cha ku Kalomwe, n'kugubuduka lokha mpaka kuwoloka malire kulowa kwa Angelezi popanda chiphaso. Pomaliza anaitana wosula zitsulo kuti amupangire chimango kumbuyo kwa jipi, chotseguka ngati chitseko cha khola: mahinjesi mbali ina, chimsomali chotsekera mbali ina, tayala pakati. Tayalalo linali latsopano, lamano akuluakulu, loti munthu akadulapo nsapato akhoza kukalamba nazo.

"Chimango chija ndimachidziwa ngati chikhatho changa," anatero Inosenti. Anzake ankamutcha Mmisiri chifukwa ndiye anapeza ganyu yonyamula zitsulo tsiku lomanga chimangocho. "Ndinalipo ine. Chonsecho chagwira pa chimsomali chimodzi, ngati gudumu la ngolo. Kuzula chimsomali, tayala limagwa lokha n'kukupatsa moni."

Zoona zake n'zakuti pamene wosulayo ankamanga manati ogwira tayala, Mmisiri anali atatumidwa kukatunga madzi. Koma zimenezi sanazitchule, poti palibe anamufunsa.

"Nanga Caetano?" anafunsa Geraldo, wachitatu pa gululo, akuyasamula. Caetano anali woyendetsa jipiyo.

"Caetano ndi tambala," anayankha Tarsisio. "Lamulungu lililonse amasiya adona, akazi a Mbatatesi, ku Misa, n'kutsetserekera kumtsinje kukatsuka jipi. Akamaliza amakadzitsuka yekha kuseri kwa bango, ndi sopo wonunkhira, akuimba. Amasamba ngati mkwatibwi. Iwe Kadzidzi ukakwere pachulu, ukangomuona akuvala uimbe mluzu."

Anasankha Geraldo kukhala mlonda chifukwa cha maso ake aakulu. Palibe anakumbukira kuti dzina la Kadzidzi analipata chifukwa chogona masana.

Mayi Rufina anamva zonse akupeta chimera. Sanaletse, sanalimbikitse. Anangotambasula dzanja. "Bwezani kaye chikho changa musanamangidwe."

Loweruka m'mawa Tarsisio anachita chinthu chimene anzake sanachidziwe. Anabisala pafupi ndi chitsime, Perpetua atangosenza mtsuko n'kuchoka ndi anzake, iye anathamangira pamatope, n'kusankha phazi laling'ono lokongola kuposa onse, n'kuliyeza ndi kabango. Anati m'mtima mwake, Basilio wavala yekha, koma ine ndiveka ndi mkazi yemwe. Kabangoko anakasunga m'thumba la malaya, pafupi ndi mtima.

Lamulungu zonse zinayenda monga Kapitau analosera, zomwe zinamuwonjezera matama. Jipi inaima pagombe, mphuno kumtunda, kumbuyo kumadzi. Kuseri kwa bango kunkamveka Caetano akupha nyimbo ya Chipwitikizi. Kadzidzi anakwera pachulu, anapeza kadzuwa kofunda, n'kutsamira.

Anthu anzeru akanayamba ndi kuchotsa tayala. Akatswiri athuwa anayamba ndi kugawana. Mmisiri anatulutsa choko chimene anatola ku sukulu ya katekisimu.

"Aliyense ajambule phazi lake pomwe akufuna, tisadzakangane pambuyo," anatero.

Anakanganirabe pomwepo. Tarsisio anakweza mwendo, Inosenti n'kuzunguliza choko pa tayala, chala ndi chala. Kenako anasinthana. Phazi la Inosenti linalibe chala chaching'ono, chimene khasu linadya kalekale, ndipo Tarsisio pokhala munthu wachilungamo anajambula zala zokhazo zimene anaziona. Anatsitsa Kadzidzi pachulu, kumujambula chiphazi chake chotambalala, n'kumubweza kuti akapitirize tulo. Pomaliza Tarsisio anatulutsa kabango, n'kujambula mosamala timapazi tiwiri pamalo abwino kwambiri.

"Timeneti n'ta yani?" anafunsa Inosenti.

"Gwira ntchito yako, Mmisiri. Zula chimsomali."

Inosenti analavulira m'manja, anaima kumbuyo kwenikweni kwa tayala kuti aliwakhe likamagwa, n'kuzula. Tayala silinagwe. Chimango chonse chinatseguka ndi kulemera kwake, popeza jipi inali pamtsetse, n'kumupatsa moni amene analonjeza uja pachifuwa. Mmisiri anakatera chagada m'matope, chimsomali chili m'manja.

"Lagwa?" anafunsa ali chigonere.

"Wagwa ndiwe. Ilo likukuyang'ana."

Apa m'pamene anaona manati, akuluakulu, omangidwa zolimba. Zida zimene gululi linabweretsa zinali mpeni wodulira nsapato, choko ndi kabango. Inosenti anayesa nati imodzi ndi zala, kenako ndi mano, n'kunena kuti wosula uja anawonjezera zinthu iye atachoka, zomwe si khalidwe labwino.

"Mphamvu basi," anatero Tarsisio. "Ng'ombe ikakana kutuluka m'khola umaikankha kumbuyo."

Tarsisio anakhala pa kachitsulo kopondera kumbuyo kwa jipi, msana atatsamira chitseko cha jipiyo, n'kuuza Inosenti kuti abweze chimango pafupi kuti mapazi afike pa tayala. Anakankha. Mitsempha ya m'khosi inatuluka. Tayala silinasunthe.

Nthawi yomweyo belu la ku tchalitchi linalira kuti Misa yatha. Linadzutsa Kadzidzi, amene atatsegula maso anaona Caetano ali kale m'njira, tsitsi lonyezimira mafuta, akumanga mabatani mothamanga. Mluzu unakana kutuluka, pakamwa panali pouma. Anangogubuduka pachulu akunong'oneza kuti, "Wafika, wafika."

Tsopano Inosenti anakulira kubusa, kwa atsibweni a mkono wolemera amene ankakwapula aliyense wosiya khola lotsegula. Mutu ukhoza kuiwala, koma manja saiwala. Asanaganize n'komwe, anakankha chimango ndi phewa, n'kuchitseka, n'kubwezera chimsomali pamalo pake bwinobwino. Anali ali pakati pa bango, akuthawa, pamene anakumbukira kuti m'kholamo wasiyamo Kapitau.

Tarsisio anapindika ngati mpeni wa m'thumba. Mawondo anafika m'makutu, mphuno inakanikizika pa chitsulo, ndipo mapazi onse awiri anatulukira pamwamba pa tayala, zidendene kuloza kumwamba. Akanakuwa, koma anakumbukira mbalamatodya, chithabwa chija asipayi, apolisi a Apwitikizi, amamenyera anthu m'manja ku posto, ofesi ya boma, ndipo anaona kuti kukhala chete n'kwabwino. Caetano anatulukira chakutsogolo, sanayang'ane kumbuyo poopa mkwiyo wa adona, analiza injini n'kunyamuka.

Msewu wochokera kumtsinje ndi wa ngolo, maenje okhaokha. Dzenje lililonse Tarsisio ankalimva ndi fupa lakelake. Utsi unkamulowa m'kamwa, fumbi m'maso. Ana oweta mbuzi anasiya mbuzi n'kuthamangira jipi akukuwa. Amayi ena anatula mitolo ya nkhuni kuti aseke bwino. Caetano ataona anthu akuloza jipi yake anakweza chipewa n'kumawabayibitsa, pokhulupirira kuti sopo uja wagwira ntchito.

Anaima pabwalo la tchalitchi anthu akutuluka kumene, mudzi wonse uli pomwepo mu zovala za Lamulungu. Tarsisio anali atalota nthawi zambiri akufika pakhomo limeneli pa galimoto, anthu onse akumuyang'ana. Malotowo anakwaniritsidwa, kungoti anthu ankayang'ana mbali yolakwika ya thupi lake.

Kenako kunamveka kwii kwii, Basilio akuyandikira kudzaona bwino.

"Senyolo Caetano," anatero Basilio, "tayala lanu laphuka miyendo."

Bwalo lonse linaphulika. Adona anadziphimba kumaso ndi mpango. Msipayi wina amene anabwera ku Misa anakankha anthu kuti adutse, n'kufunsa kuti mwini miyendoyi ndani. Nkhope sinkaoneka, ndipo mwini wake sankafuna kudzitchula. Amene anayankha anali Perpetua, ataima pambali pa atsibweni ake.

"Ndi a Tarsisio," anatero mosakweza mawu. "Ming'alu iyo ndimaidziwa."

Caetano anazula chimsomali, chimango chinatseguka, Kapitau n'kugwera pansi ali chipindikire. Atamuwongola anayesa kufotokoza kuti ankangopempha matola, koma msipayi anali akuwerama kale pa tayala, akuyang'ana zojambula za choko.

"Munali angati?"

"Ndekha, bwana."

"Ndiye uli ndi mapazi ambiri." Msipayi analoza phazi losowa chala. Anthu onse anatchula dzina la Inosenti pamodzi ngati akuyankha pemphero. Analoza chiphazi chotambalala, ndipo mayi ake a Geraldo anangogwira kumutu n'kukhala pansi. Sipanafunike kukawasaka. Awiriwo anatulukira okha pakona ya msewu ali wefuwefu, matope mpaka m'makutu, mpeni uli m'manja, akuthamangira jipi kuti akapulumutse mtsogoleri wawo. Atazindikira kuti afika pati anayesa kuyenda ngati anthu ochedwa ku Misa.

"Nanga timeneti?" anafunsa msipayi, chala chili pa timapazi tiwiri tija.

Apa Tarsisio anaona kuti mwayi wake wotsiriza wafika. Anadziwongola, anasasa fumbi, n'kuyang'ana Perpetua m'maso pamaso pa atsibweni ndi mpingo wonse.

"Timeneto n'ta a Perpetua. Iwo sakudziwa kanthu. Ndinayeza ndekha phazi lawo pamatope a kuchitsime, kuti pa ukwati wathu nawonso asaponde pansi."

Kuseka kunazima. Amayi ena anayang'anana, wina mpaka anapukuta msozi. Ngakhale majombo a Basilio anakhala chete. Perpetua anayenda pang'onopang'ono kufika pa tayala, anayang'anitsitsa timapazi tija, ndipo Tarsisio anamwetulira poona kuti nkhope yake yafewa. Mtsikanayo anagwira chimango, anakweza mwendo, n'kuika phazi lake pa chojambulacho.

Zala zonse zinatulukira kunja kwa choko. Chidendene nachonso chinatulukira.

Perpetua anatsitsa mwendo n'kukonza nsalu yake.

"Zakubazi ndikanakukhululukirani, a Tarsisio," anatero. "Koma pamatope paja panali mapazi ambiri, ndipo inu munasankha lokongola. Mukamutenge mwini wake."

Anatembenuka n'kuchoka, atsibweni ake pambuyo, ndipo pambuyo pa atsibweniwo kunkamveka kwii kwii mpaka anazimiririka kuseri kwa tchalitchi. Msipayi anamangirira akatswiri atatuwo chingwe chimodzi. Caetano anadzipereka kuwanyamula pa jipi, koma adona anakana, choncho ulendo wonse wa ku posto ya ku Domwe Kapitau anauyenda monga ankayendera masiku onse, wopanda nsapato, kabango kakumubaya m'thumba la malaya.